Orlando Mesquita, mmisiri wolumikiza zithunzi za kanema

Tikaonera kanema timakumbukira ochita sewero, koma pali mmisiri wina amene saonekera: wolumikiza zithunzi. Iye amalandira zonse zimene zajambulidwa, nthawi zina za maola ambirimbiri, n'kusankha zoti zitsale, zoti zichotsedwe ndi zoti ziyambe. Kale ankachita kudula filimu n'kuimata, koma lero ntchitoyi imachitikira pa kompyuta.

Kuno ku Mozambique, mmodzi mwa amisiri odziwika pa ntchitoyi ndi Orlando Mesquita. Anayamba m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, ndipo walumikiza makanema angapo a Licínio Azevedo. Mu 2001 anatsogolera yekha kanema wotchedwa A Bola, wa mphindi pafupifupi 5. M'kanemayo anyamata amapanga mpira ndi makondomu, omwe aja oteteza anthu ku Edzi. Nkhani yolemera choncho inakwana m'mphindi zochepa chifukwa chithunzi chilichonse chosafunika chinachotsedwa.

Achinyamata amene mumajambula ndi foni ku Tsangano kapena ku Furancungo, kujambula n'chiyambi chabe. Nkhani imamveka mukasankha zoyenera n'kuzisanja bwino.