Kalembera wa m'makompyuta, ntchito yosaoneka ya pa migodi ya Moatize

MOATIZE. Mgodi wa malasha wa ku Benga, pafupi ndi pamene mtsinje wa Revúbuè umathira mu Zambezi, wadutsa m'manja mwa eni atatu. Anauyamba ndi a Riversdale a ku Australia mogwirizana ndi a Tata Steel a ku India. M'chaka cha 2011 kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale pa ndalama zoposa madola 3 biliyoni, koma pofika 2014 inagulitsa gawo lake kwa a ICVL a ku India pa madola 50 miliyoni okha. Mgodi waukulu wa ku Moatize nawonso, umene Vale inayamba kukumbamo malasha mu 2011, unapita kwa a Vulcan mu 2022. Anthu a ku Capanga amene anasamutsidwira ku Mualadzi amaidziwa mbiri imeneyi kuposa tsamba lino.

Kampani ikamagulitsidwa, ogula amayamba ndi kuwerenga katundu. Magalimoto akuluakulu otuta malasha, makina okumbira, nyumba, sikelo yoyezera, zonsezi zimaoneka ndi maso ndipo munthu akhoza kuziloza ndi chala. Koma pali katundu wina amene sungamupeze ngakhale utazungulira mpanda wonse, ndiwo mapulogalamu amene ali m'kati mwa makompyuta. A m'maofesi amatcha ntchito yowerenga katundu kuti inventário, monga amachitira a m'masitolo pakutha pa chaka. Ife tingoti kalembera, chifukwa aliyense akukumbukira anyamata ndi atsikana amene anayenda khomo ndi khomo mu 2017 kufunsa kuti m'nyumba muno mumagona anthu angati.

Kompyuta payokha ndi bokosi chabe. Chimene chimaigwiritsa ntchito ndi pulogalamu. Ina ndi yolembera makalata, ina yowerengera malipiro a antchito, ina yolemba kulemera kwa galimoto iliyonse yokwera pa sikelo, inanso yotumiza mapepala a katundu ku Alfândega. Pa kampani yaikulu makompyuta amakhala ambirimbiri, onse olumikizidwa pamodzi pa netiweki, ndipo iliyonse imanyamula mapulogalamu makumi angapo. Ena anaikidwa ndi akatswiri a kampani, ena anaikidwa ndi wantchito amene anachoka kalekale, ndipo ena anangolowa ndi fulashi ya mwana wa asuweni amene anabwera kudzasindikiza kalata yofunsira ntchito.

Chifukwa choyamba chowerengera ndi ndalama. Mapulogalamu ambiri sagulidwa monga timagulira njinga, kuti ukalipira yakhala yako mpaka kalekale. Chimene kampani imagula ndi chilolezo, laisensi, chogwiritsira ntchito pulogalamuyo pa makompyuta akutiakuti kwa nthawi yakutiyakuti. Zikufanana ndi munda wobwereka: umalima, umakolola, koma mwini wake alipo. Ndipo si laisensi iliyonse imene imasamuka yokha kampani ikasintha eni, zimadalira zimene zinalembedwa pa mgwirizano. Kampani imene ili ndi chilolezo cha makompyuta 100 koma yaika pulogalamu pa 160 ili ndi ngongole imene siikuidziwa. Imene ikulipira 100 koma ikugwiritsa ntchito 40 ikutaya ndalama chaka ndi chaka.

Kuti mwini munda alipodi, dziko lonse la Mozambique linaona mu Novembala 2018. Pa 16 mwezi umenewo, makina otapira ndalama ndi olipirira m'masitolo a mabanki ambiri anangoti zii. Pulogalamu imene inkayendetsa SIMOrede, netiweki yolumikiza mabankiwo, inali ya kampani ya ku Portugal yotchedwa Bizfirst, ndipo panali mkangano pa za laisensi ndi malipiro. Kampaniyo inatseka pulogalamu yake. Kwa masiku angapo anthu anali ndi ndalama m'banki koma makadi awo sankatulutsa kanthu, ndipo mizere ya m'kati mwa mabanki inatalika. Pambuyo pake Banco de Moçambique inapangana ndi kampani ina, Euronet ya ku America. Wantchito wa pa mgodi amene malipiro ake amadzera ku banki, ndi mayi wa ku Kambulatsitsi amene amadikira kuti mwana wake amutumizire kangachepe, onse amatsamira pa mapulogalamu amene sanawaonepo.

Chifukwa chachiwiri n'choopsa kwambiri, ndicho matenda. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi ming'alu imene akuba amaifufuza usana ndi usiku. Opanga ake akaupeza mng'alu amatumiza chigamba chotsekera, ndipo kompyuta imene yalandira chigambacho ili ngati ng'ombe imene yabayidwa katemera. Tsono aliyense woweta amadziwa kuti alangizi a ziweto akabwera, ng'ombe imene inatsala kudambo osalembedwa ndi imene imabweretsa matenda m'khola. Simungabaye katemera ng'ombe imene simukudziwa kuti muli nayo.

Zinachitikira Maersk, kampani ya ku Denmark imene sitima zake zimakocheza ku Beira ndi ku Nacala. Pa 27 Juni 2017, kachilombo ka m'makompyuta kotchedwa NotPetya kanafalikira kudzera m'pulogalamu ina yowerengera misonkho ya ku Ukraine, M.E.Doc. Kampaniyi inali ndi ofesi m'dziko limenelo, ndipo kudzera pa khomo laling'onolo kachilomboko kanalowa m'netiweki yake ya dziko lonse lapansi. M'kanthawi kochepa makompyuta a m'madoko ndi m'maofesi anafa, magalimoto onyamula makontena anaima pa zipata. Mkulu wa bodi ya kampaniyo, Jim Hagemann Snabe, anafotokoza mu Januwale 2018 kuti anakonzanso maseva 4,000, makompyuta 45,000 ndi mapulogalamu 2,500 m'masiku 10, ndipo kampani inataya pakati pa madola 250 ndi 300 miliyoni. Taganizirani kukonzanso mapulogalamu 2,500 mulibe kaundula wosonyeza kuti iti inali pati.

Izi si za kutali kokha. Mu Julayi 2021 akuba a pa intaneti anagwira makompyuta a Transnet ku South Africa ndipo ntchito ya pa doko la Durban inasokonezeka kwa masiku. Kutsidya kwa malire, kumayambiriro kwa 2024, boma la Malawi linaleka kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo, ndipo pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti makompyuta a ku Immigration analowedwa ndi anthu ofuna dipo. Amene muli ndi abale ku Mwanza ndi ku Neno munamva madandaulo ake.

Nanga kalemberayu amachitika bwanji? Kale katswiri ankayenda ndi kope, tebulo ndi tebulo, kutsegula kompyuta iliyonse ndi kulemba zimene wapezamo. Pa ofesi ya makompyuta asanu njira imeneyi ikadali yabwino. Pa kampani yaikulu amaika m'kompyuta iliyonse kapulogalamu kakang'ono kamene ntchito yake ndi ya nyakwawa. Pa nthawi yoikika kamayang'ana mndandanda umene Windows imasunga wa zonse zoikidwamo, kamalemba dzina la pulogalamu, amene anaipanga, nambala yosonyeza ngati ndi yatsopano kapena yakale, ndi tsiku limene inaikidwa, kenaka kamatumiza lipoti ku seva ya ku likulu. Kumeneko malipoti onse amasonkhanitsidwa m'kaundula mmodzi. Makampani ena amagwiritsa ntchito zida za Microsoft monga Configuration Manager ndi Intune, ena amasankha zaulere monga OCS Inventory ndi GLPI. Ilipo njira inanso yosaika nyakwawa, pamene seva imagogoda pa kompyuta iliyonse ya pa netiweki ndi kufunsa yokha, koma imeneyi imangopeza makompyuta amene ali oyatsa pa ola limenelo.

Ubwino wa kaundula umaoneka tsiku la vuto. Mu Disembala 2021 kunapezeka mng'alu waukulu mu kachidutswa kotchedwa Log4j, kamene kamabisala m'kati mwa mapulogalamu ena ambirimbiri. Funso limene akuluakulu a makampani anafunsa linali limodzi: kodi ifenso tili nako? Amene anali ndi kaundula wozama anadziwa koyambira. Ena anatha masabata akufufuza, chifukwa kaundula wamba amalemba dzina la pulogalamu yokha osalemba zimene zili m'mimba mwake.

Tisanamizane, kalembera ameneyu nayenso amaphonya, ndipo amaphonya makamaka malo ngati athu ano. Laputopu ya wofufuza miyala imene yatha miyezi iwiri kutchire kopanda netiweki siitumiza lipoti. Kompyuta yakale ya pa sikelo kapena ya pa makina otsukira malasha nthawi zambiri amaiopa kuigwira, poti ikaima ntchito yonse yaima, ndiye imakhala zaka ndi Windows imene opanga ake anasiya kuisamalira. Microsoft inaleka kutumiza zigamba za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa thandizo lowonjezera. Palinso makompyuta a makampani ang'onoang'ono a maganyu amene amalowa ndi kutuluka pa mgodi, osadziwika kuti ali m'khola la yani. Amenewa amafunikabe munthu wa miyendo iwiri ndi kope lake.

Kwa achinyamata athu amene apeza ntchito ya mu ofesi, tinene mosabisa: nyakwawa ija imaona. Mukaika masewera kapena pulogalamu yokopera mafilimu pa kompyuta ya kampani, dzina lake limafika ku likulu pamodzi ndi nambala ya kompyuta yanu. Ena amadandaula kuti uku ndi kuzondana. Kaundula wa mapulogalamu payekha sawerenga makalata anu, ngakhale kuti zida zina zimene makampani ali nazo zikhoza kutero, ndipo n'chinthu choyenera kuti abwana auze antchito poyera zimene zimalembedwa. Koma kompyutayo ndi ya kampani, monga momwe galimoto ya kampani siili ya dalaivala.

Ku Zóbuè kulibe seva yaikulu m'kasitolo kosindikiza mapepala, m'kaofesi ka wothandiza amalonda kulemba za kasitomu, kapena m'chipinda cha mlembi wa sukulu. Koma makompyuta awiri kapena atatu amenewo ndi amene amasunga magiredi a ana ndi mapepala a galimoto zimene zikudikira kuwoloka kupita ku Mwanza. Mwini wake akhoza kuchita kalembera wake masana amodzi. Pa Windows ya Chipwitikizi atsegule Painel de Controlo, asankhe Programas e Funcionalidades, ndipo mndandanda wonse utuluka. Alembe m'kope dzina la pulogalamu iliyonse, amene anaiika, ntchito yake, ndi kumene kuli risiti kapena nambala ya laisensi. Imene palibe akuidziwa, afunse kaye wodziwa asanaichotse, chifukwa ina ndi imene imayendetsa makina osindikizira. Pa foni ya Android imene mumasungira M-Pesa kapena e-Mola, mndandanda womwewo uli pa Definições, pansi pa Aplicações.