Mijigo yokhoma ndi loko ya ku Rustenburg

Ambiri a ife muno mu kampu tili ndi abale ku Joni, ndipo ena akugwira maganyu m'mbali mwa migodi ya pulatinamu ku Rustenburg. Amene munafikako mwina munaona mapaipi achitsulo otuluka pansi, olekeza m'mawondo, omangidwira simenti ndi kukhomedwa ndi loko pafupi ndi madamu a madzi otayidwa. Imeneyo ndi mijigo, koma si yotungapo madzi akumwa. Monga mmodzi wa odzipereka oona za madzi ndi ukhondo, ndati ndifotokoze ntchito yake chifukwa ikukhudza moyo wa makanda.

Ku Rustenburg mvula ndi yochepa, pomwe migodi imafuna madzi ambiri. Mu 2003 khonsolo ya mzindawu inakhazikitsa bungwe la Rustenburg Water Services Trust, lomwe linakonzanso malo oyeretsera madzi a suweji a Rustenburg ndi a Boitekong. Madzi ochokera m'zimbudzi ndi m'mabafa akayeretsedwa, ena anayamba kugulitsidwa ku migodi ya Impala Platinum ndi Anglo Platinum kuti makina asamawononge madzi akumwa. Otsala amalowa mu mtsinje wa Hex n'kukathira m'damu la Bospoort, komwe amakayeretsedwanso. Kwa ine imeneyi ndi nzeru yabwino.

Koma madzi a suweji, ngakhale ayeretsedwe, amatsalabe ndi mchere ndi nitrate, mankhwala omwe amapezekanso mu feteleza. Akasungidwa m'damu kapena akathiriridwa m'munda, ena amalowerera pansi. Pulasitiki woyalidwa pansi pa damu akhoza kubooka, ndipo palibe diso lingaone. N'chifukwa chake lamulo la madzi la dzikolo, la mu 1998, limafuna chilolezo kwa wosunga kapena kuthirira ndi madzi otere, ndipo chilolezocho kawirikawiri chimamulamula kuyeza madzi apansi.

Madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kulowera kumunsi, m'ming'alu ya miyala. Ndiye akatswiri amaboola mjigo umodzi kumtunda kwa damu, ina ingapo kumunsi. Akabwera kudzayeza amatsitsa tepi yomwe imalira ikakhudza madzi, kuti adziwe kuya kwake. Kenako amapopa n'kutaya madzi ogonera m'paipi, chifukwa amenewo amanama, n'kutunga atsopano m'botolo kupita nawo ku labotale. Mjigo wakumtunda umasonyeza mmene madzi analili asanadutse pansi pa damu. Akakhala abwino kumtunda koma mchere ndi nitrate n'kukwera kumunsi, ndiye kuti damu likudontha, ndipo zimadziwika zisanafike pa zitsime za anthu. Kumigodi wakumtunda uja ndi wofunika kwambiri, pakuti zophulitsira miyala nazonso zimasiya nitrate pansi. Popanda iwo aliyense akhoza kuloza mnzake chala.

Nitrate alibe fungo, alibe mtundu. Madzi akhoza kuoneka mbee koma ali nayo yambiri. Bungwe la WHO limati isapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Wamkulu sangamve kanthu msanga, koma khanda losakwana miyezi 6 likamwa, makamaka mu mkaka wosungunula, magazi ake amalephera kunyamula mpweya bwino. Milomo ndi zala zimachita bii, mwana amapuma movutika, ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala. Apa amayi mumvetse: kuwiritsa ndi klorini zimapha tizilombo, koma sizichotsa nitrate. Kuwiritsa kumangoiwonjezera mphamvu, poti madzi amachepa iyo n'kutsala.

Mukamaimba foni kwa abale okhala m'zisakasa za ku Freedom Park kapena ku Marikana, auzeni kuti madzi akasowa asaswe loko wa mjigo wotere. Unaikidwa dala pomwe madzi akukayikiridwa kuti angaipe. Ana asaponyemonso miyala kapena zinyalala, chifukwa zimatseka paipi ndi kusokoneza zoyeza.

Kuno tilibe migodi, koma zimbudzi zokumba zimatulutsa nitrate yomweyo. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, chikhale kumunsi, ndipo pansi pa dzenje pasafike pomwe pali madzi. Wofuna kukumba chatsopano ayambe wadziwitsa komiti ya madzi ya dera lake, tibwere ndi tepi tidzayeze limodzi.