Kumene boma limalipira mlimi kuti asamale nthaka

Ukafika m'chigwa cha Coon Creek, m'dera la Vernon County ku Wisconsin m'dziko la America, chimene chimayamba kukopa maso ndi minda ya m'mapiri. Mizere yake siloza kumtsinje ayi, imazungulira phiri ngati lamba. Apa chimanga, pamunsi pake msipu wa ng'ombe, kenako chimanga kachiwiri. Vernon County ndi dera la kumudzi, longa boma limodzi kwathu kuno, ndipo kumeneko kuli alimi ambiri a ng'ombe za mkaka.

Mindayi sidali chonchi kale. Anthu ochokera ku Ulaya, ambiri mwa iwo a ku Norway, atakhazikika m'chigwachi m'zaka za m'ma 1800, adagwetsa mitengo, n'kumalima chotsetsereka komanso kudyetsa ziweto m'mapiri. Pofika m'ma 1930, nthaka ya pamwamba idali itakokoloka, zigwembe zitang'amba minda, ndipo matope adali atakwirira madimba a m'munsi.

M'chaka cha 1933 boma la Franklin Roosevelt lidakhazikitsa nthambi yolimbana ndi kukokoloka kwa nthaka, mkulu wake Hugh Hammond Bennett. Coon Creek ndiye adasankhidwa kukhala chigwa choyamba m'dziko lonselo choyeserapo ntchitoyi. Mlimi wofuna ankasaina mgwirizano wa zaka zisanu. Iye ankalonjeza kuleka kulima malo otsetsereka kwambiri, kutchinga ng'ombe kuti zisalowe m'nkhalango ndi kulima mopingasa phiri. Boma nalo linkabwera ndi mbewu, laimu, feteleza, waya wa mpanda ndi mbande za mitengo, pomwe anyamata a gulu la Civilian Conservation Corps ankagwira ntchito yolemetsa yotseka zigwembe.

Si onse adalola. Ena ankati alangizi a boma abwera kudzawalanda ufulu pamunda wawo. Pafupifupi theka la alimi a m'chigwamo ndiwo adasaina. Otsalawo sadamangidwe, sadalipitsidwe. Adangosiyidwa kuti aziona okha zokolola za anzawo, ndipo m'kupita kwa nthawi ambiri adatengera.

Apa ndiye pamene nkhaniyi ikutikhudza ife. Mantha a kukokoloka kwa nthaka amene adagwira America zaka zimenezo adafikanso kwa atsamunda a ku Nyasaland. Koma kuno nzeru yomweyo ya mizere yopingasa ndi migula idabwera ndi chindapusa komanso ndende. Agogo athu amaikumbukira kuti malimidwe, ndipo mkwiyo wake udathandiza kusonkhezera ndale zokana chitaganya. Nthaka yofunika kuteteza idali yomweyo, luso lidali lofanana. Chidasiyana n'choti kwina mlimi adamutenga ngati mnzawo wa pantchito, kwina ngati wolakwa.

Lero ku America ntchitoyi ili m'manja mwa nthambi yotchedwa NRCS, imene ili ndi ofesi pafupifupi m'dera lililonse la alimi. Mlimi wa ku Vernon County akaona kuti munda wake ukukokoloka, amapita ku ofesiko, mlangizi n'kubwera kudzayendera mundawo, awiriwo n'kulemba dongosolo. Pansi pa pologalamu ya EQIP, imene idayamba mu 1996, boma limatha kulipira mpaka 75 peresenti ya mtengo wa ntchito monga kubzala mbewu zophimba nthaka, kumanga mosungira ndowe kapena kutchinga ng'ombe kuti zisagumule gombe la mtsinje. Alimi ongoyamba kumene ndi osowa amatha kupatsidwa mpaka 90 peresenti. Palinso pologalamu ya CRP ya mu 1985, imene imalipira mlimi lendi chaka ndi chaka kwa zaka 10 mpaka 15 kuti munda wosachedwa kukokoloka augoneke, abzalemo udzu kapena mitengo.

Wina angafunse: boma lilipirenji munthu posamala munda wake womwe? Yankho lili kumunsi kwa mtsinje. Dothi likachoka m'munda wa kumtunda limakatseka mlatho, kuipitsa madzi akumwa ndi kukwirira mbewu za anthu ena. Phindu la mgula silithera pamunda umodzi, choncho mtengo wake usasenzedwe ndi munthu mmodzi. Paja mutu umodzi susenza denga.

Komatu tisanamizane kuti kumeneko zonse zili myaa. Ofunsira thandizo la EQIP amachuluka kuposa ndalama, moti chaka chilichonse ambiri amabwezedwa chimanjamanja. Kawirikawiri mlimi amayamba wagwira ntchito ndi ndalama zake, boma n'kudzamubwezera pambuyo, zimene zimakomera amene ali nazo kale. Mu 2022 lamulo la Inflation Reduction Act lidaonjezera ndalama zokwana madola 19.5 biliyoni ku mapologalamu oterewa, koma kumayambiriro kwa 2025 boma latsopano lidaimitsa kaye zina mwa ndalamazo, alimi amene adali atagula kale zipangizo n'kutsala manja ali m'khosi. Ndale zikasintha, wovutika amakhala mlimi amene adakhulupirira siginecha ya boma.

Nayonso nyengo sikudikira. Mu Ogasiti 2018 chimvula chidagumula madamu asanu oletsa kusefukira kwa madzi m'chigwa cha Coon Creek ndi cha West Fork Kickapoo, madzi n'kulowa m'nyumba za m'tauni ya Coon Valley. Kuchokera pamenepo alimi ndi alangizi kumeneko ayambanso kukumbutsana kuti madzi amagwidwa bwino kumtunda, m'munda momwe agwera, asadafike pakhoma la damu.

Kwathu kuno, kuyambira makuponi a mu 2005 mpaka AIP imene idayamba mu 2020, thandizo la boma kwa mlimi timaliwerengera m'matumba a feteleza. Fetelezayo ngofunika, palibe akukana. Koma thumba lothira pamunda wa mizere yoloza kukhwawa limapita ndi mvula yoyamba. Mlimi amene wabzala vetiva, wakonza akalozera ndi kusunga mitengo m'mbali mwa mtsinje amateteza mudzi wonse, koma mwa thumba lake lokha. Aphungu akamakambirana bajeti ya ulimi, wina adzuke afunse kuti mlimi ameneyu gawo lake lili pati.