Za Mapazi a Mphaka, Mlonda wa Nkhokwe

Mwini nkhokwe aliyense adziwa chimene makoswe achita usiku. Msampha ugwira mmodzi nuleka, koma mphaka alonda kufikira mbandakucha. Tsono mphamvu ya mlonda ameneyu ili m'mapazi. Kunsi kwa phazi lililonse kuli timinofu tofewa topanda ubweya, timene timthandiza kunyang'ama osamveka ndi kutera pansi osapweteka polumpha kuchokera pa tsindwi. Ndiponso thukuta lake lituluka pomwepo. Timinofu timeneti tikauma ndi kung'aluka monga zikang'a za munthu, mphaka atsimphina, aleka kukwera, ndipo makoswe sachedwa kuzindikira.

Vuto limeneli lichuluka m'chilimwe, makamaka mwezi wa Okutobala, pamene mchenga wa pabwalo utentha ngakhale phazi la munthu wamkulu. Lina lichokera pa mafuwa. Mphaka akonda kugona pofunda, ndipo phulusa looneka lozima kawirikawiri libisa khala. Laimu, feteleza wotayika ndi madzi a sopo wochapira ziumitsanso khungu.

Musanathire mankhwala, yang'anani bwino. Kulungani mphaka m'nsalu kuti angakukandeni, nimutulutse phazi limodzi poyera. Mwina mudzapeza munga. Mwina mudzaona kotupa koyera kokhala ndi kadontho kakuda pakati. Limenelo ndi thekenya. Matekenya sanali a kuno ayi: anachokera ku South America, nafika ku Angola pa ngalawa m'zaka za m'ma 1870. Aswana m'fumbi louma, nalowa anthu, nkhumba, agalu ndi amphaka omwe. Chifukwa chake mukawaona pa mphaka, yang'ananinso zala za ana anu, nimusese ndi kuzira m'nyumba. Musawatumbule ndi munga kapena singano yakuda.

Ming'alu wamba sivuta. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere supuni imodzi yaing'ono, ndipo akakhala ofunda tsukani phazi ndi kansalu koyera. Pukutani liume. Pamenepo pakani Vaseline kapena mafuta ophikira, pang'ono chabe, ndi kumpatsa chakudya nthawi yomweyo kuti aiwale kunyambita. Chitani chotero m'mawa ndi madzulo, ndipo dzuwa likakhala paliwombo mumsunge m'nyumba.

Apa tsono tamverani, pakuti ndi pamene ambiri aphera mphaka wawo ali kumchitira chifundo. Chilichonse chopakidwa pa phazi la mphaka chitsirizira m'mimba mwake, popeza asamba ndi lilime. Ndiponso chiwindi chake sichitha kusungunula mankhwala ena amene munthu kapena galu apirira. Musapake parafini, oilo wa galimoto, Dettol kapena Jeyes Fluid. Musampatse Panado ngakhale kachibenthu, pakuti mbulu umodzi wokha ukhoza kumupha. Mankhwala a nkhupakupa a ng'ombe ndi a utitiri wa agalu si ake. Ndipo inu othira mankhwala a anankafumbwe m'chimanga, dziwani kuti ena mwa iwo ali ndi permethrin, amene agwetsa mphaka m'kunjenjemera ndi kukomoka. Sesani ufa wotayika mlonda wanu asanapondepo.

Ena ati mphaka akakhuta saphanso makoswe, namsiya ndi mkute wokha. Kumeneko ndi kulakwa. Mphaka ndi wodya nyama, ndipo nsima yokha siipatsa khungu lake mafuta amene lifuna. Mumponyereko usipa kapena matemba osathira mchere, ndi kumuikira madzi abwino m'phale masiku onse. Wodya bwino ndiye ali ndi nyonga yosaka.

Koma phazi likatupa, likatuluka mafinya kapena magazi, ngakhale mphaka akakana kudya, kapena akapita masiku 7 osasintha, za pakhomo zalephera. Mumuike m'dengu lovundikira bwino, nimupite naye kwa mlangizi wa ziweto.