Kaufiti amadya chimanga asanaonekere kunja

Mukamadutsa m'minda ya ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota mwezi wa February, mumapeza pena chimanga chili chachifupi, masamba achikasu, opiringizika ngati kwachita ng'amba, chonsecho mvula yagwa dzulo lomweli. Tawerama muone patsinde. Pali kachitsamba kakang'ono ka maluwa ofiira, kokongola ndithu. Ameneyo ndiye kaufiti, amene akatswiri amamutcha Striga asiatica. Dzinalo lisakunamizeni, abale, palibe munthu wakulodzerani munda. Chimene chimachitika pansipo chimadziwika bwinobwino.

Njere za kaufiti ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo tsinde limodzi limabereka njere masauzande ambirimbiri. Zimayenda ndi mphepo, madzi othamanga, khasu lobwereka, ngakhale mapazi a mbuzi. Zikagwa m'nthaka zimatha kugona zaka zoposa 10 osamera, osafa. Zimadikira fungo. Mizu ya chimanga ikamakula imatulutsa timadzi tina m'dothi, ndipo njere ya kaufiti ikamva timadzi timeneti imamera, n'kulowetsa kamuzu kake mu muzu wa chimanga, n'kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Kwa milungu ingapo amakhala pansi pompo osatulukira. Ndiye tsiku limene inu mukuona maluwa ofiira aja, chimanga chinapweteka kale. M'munda wogwidwa kwambiri mlimi amatha kutuluka wopanda chotuta. Mapira, mawere ndi mpunga wa kumtunda nazonso amazigwira.

Chowawa chake n'chakuti amakonda munda wa munthu wosauka. Nthaka ikaguga, monga mchenga wathu wa m'mbali mwa nyanja umene talimapo chimanga chaka ndi chaka, chimanga cha njala chimatulutsa timadzi tija tochuluka. Chimachita zimenezi poitana tizamoyo ta m'nthaka timene timachithandiza kupeza chakudya, koma amene amayankha msanga ndi kaufiti.

Apa ndi pamene akatswiri okonza mbewu anagwirapo. Mapira ndi a kuno ku Africa, akhala akulimbana ndi kaufiti kuyambira kale, choncho ena mwa iwo anaphunzira kudziteteza. Gebisa Ejeta wa ku Ethiopia anakonza mapira okana kaufiti ndipo analandira nawo mphoto ya World Food Prize mu 2009. Chimanga ndi mlendo, kwawo ndi ku Mexico kumene kulibe kaufiti, n'chifukwa chake mbewu zambiri zimangogonja. Akatswiri a bungwe la IITA ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, anachita kukatenga udzu wa kutchire wa ku Mexico komweko, wachibale wa chimanga, wotchedwa Zea diploperennis, n'kumaukwatitsa ndi chimanga kuti mphamvu yake ilowe m'mbewu. Ndi ntchito ya zaka zambiri: kukwatitsa, kudzala m'munda wothiridwa dala njere za kaufiti, kusankha mapesi amene alimba, n'kubwerezanso.

Koma mvetsetsani apa, chifukwa wogulitsa mbewu sadzakuuzani. Pali chimanga chopirira ndipo pali chokana. Chopirira chimagwidwa ndi kaufiti koma chimaberekabe ndithu. Inu mukolola, inde, koma kaufiti nayenso wabereka, ndipo njere zake zawonjezekera m'munda mwanu. Chokana ndi chimene mizu yake siidzutsa njere zambiri, kapena kaufiti akafuna kulowa amapeza potseka. Chimenechi ndiye chimachepetsa vutolo. Komanso mbewu zambiri zinayesedwa pa kaufiti wa maluwa apinki, Striga hermonthica, wofala ku Kenya ndi kuzambwe kwa Africa. Wathu ndi wofiira. Mbewu yochita bwino uko iyenera kuyesedwa kaye m'nthaka yathu, ndiye musanatulutse ndalama funsani alangizi ngati inayesedwa kuno.

Palinso njira ina imene bungwe la CIMMYT linakonza pamodzi ndi anzake: chimanga chosafa ndi mankhwala a imazapyr. Mbewuyo imapakidwa mankhwalawo, ndipo kaufiti akamera pafupi amafa. Ku Kenya amaitcha Ua Kayongo. Mbewu yotere siisakanizidwa ndi mbewu ina m'thumba, ndipo nyemba sizidzalidwa phando limodzi nayo, zingafe.

Ine ndikuona kuti mbewu yokha siingatipulumutse ngati pansipo pali nkhokwe ya njere za zaka 10. Nkhokweyo ndiyo tiyenera kuiphwasula. Soya, mtedza, nandolo ndi thonje zimanyenga kaufiti wa chimanga: njere imamva fungo n'kumera, koma ikasowa muzu woti iyamwe imafa m'masiku ochepa. Zili ngati nsomba yomeza nyambo ili ndi mbedza. Ndiye munda wogwidwa upumitseni chimanga, mudzalemo za mtundu wa nyembazi, zimene zimawonjezeranso chonde. Chenjerani kokha ndi kaufiti wa maluwa achikasu, amene amagwira khobwe, mtedza, soya ndi nzama. Ngati ameneyo alimo, sankhani nandolo kapena thonje. Manyowa a khola ndi a kompositi nawonso amathandiza, poti chimanga chokhuta sichiitana kwambiri.

Ntchito yotsala ndi ya manja, ndipo imabwera nthawi yoipa, titabandira kale, abambo ambiri atabwerera kunyanja ku usipa, munda atausiyira amayi ndi ana. Kaufiti azulidwe akangoyamba maluwa, asanabereke. Musamusiye mumzere, chifukwa wokhwima amamaliza njere zake ngakhale atazulidwa. Musapatse mbuzi, musaponye pa dzenje la manyowa. Muikeni m'thumba, mutuluke naye m'munda, akauma mumuotche. Ndipo mukatha sabata ziwiri mubwerereko, mudzapeza wina watulukanso.