Chimbale Chokhazikitsira Windows Kapena Linux Chikakana Kuyamba

Ena mwa alimi athu a nkhuku ndi ndiwo zamasamba kuno ku Mtendere ndi ku Kalingalinga amasunga kaundula wa chakudya cha nkhuku, masiku a katemera ndi ngongole za ogula pa makompyuta akale. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10, ndipo makina ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe TPM 2.0. Choncho ophunzira ena akudzikonzera chimbale kapena fulashi yokhala ndi Windows kapena Linux, n'kuwonjezeramo mapulogalamu owerengetsera ndalama. Dandaulo lomwe timamva kawirikawiri n'lakuti akayatsa kompyuta, chimbalecho sichiyamba.

Musanachite china chilichonse, koperani kaundula wanu yense pa fulashi ina. Kukhazikitsa mwatsopano kumatha kufafaniza zonse, ndipo mlimi amene wataya dzina la womukongola wataya ndalama.

Mbewu ikapanda kumera, timayamba tayesa mbewuyo pamalo ena tisanaimbe mlandu nthaka. N'chimodzimodzi pano. Yesani chimbalecho pa kompyuta ina. Chikakananso, vuto lili m'chimbale. Chikayamba bwino, vuto lili m'makina anu.

Ngati vuto lili m'chimbale, tsegulani muone zomwe zilimo. Mukapeza fayilo imodzi yothera ndi .iso, ndiye kuti munangoikopera monga timakoperera nyimbo. Fayiloyi iyenera kulembedwa ndi pulogalamu yake, monga Rufus pa fulashi. Kachiwiri, magetsi kapena intaneti zikadukiza pamene mukutsitsa fayiloyo, imatha kuoneka yathunthu pamene ili yopereweza. Yerekezani nambala yake ya SHA256 ndi imene eni ake anasindikiza; zikasiyana ngakhale chilembo chimodzi, tsitsaninso. Kachitatu, amene wamasula ISO n'kuwonjezeramo zake kenako n'kuimanganso monga mafayilo wamba amataya kachigawo kobisika kamene kamauza kompyuta poyambira. Mafayilo onse amaoneka, koma chimbalecho sichingayambe. Kumbukiraninso kukula kwake: DVD wamba imatenga 4.7 GB, ndipo fulashi ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB. Fayilo ya install.wim ya Windows ikawonjezeredwa zinthu imapitirira malire amenewa mosavuta.

Ngati vuto lili m'makina, yambani ndi kusankha poyambira. Mukangoyatsa, dinani F12 pa Dell ndi Lenovo zambiri, kapena F9 pa HP, ndipo musankhe chimbale kapena fulashi. Ikapanda kuoneka pamndandanda, lowani mu BIOS muone ngati makinawo ali pa UEFI kapena pa Legacy. Fulashi yokonzedwa ndi GPT imayendera UEFI, pamene makina akale a Legacy amafuna MBR, ndipo Rufus imakulolani kusankha. Secure Boot nayonso imakana mafayilo oyambira amene asinthidwa. Izimitseni pokhapokha mukudziwa bwino kumene chimbalecho chachokera. Makina akale kwambiri a 32-bit sangayambe ndi dongosolo la 64-bit. Linux Mint inasiya kutulutsa ya 32-bit kuyambira pa Mint 20 mu 2020, koma Debian 12 ya mu 2023 ili nayo.

Pali zinanso ziwiri zazing'ono. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi magetsi akazima, kabatire ka CR2032 ka mkati katha mphamvu, ndipo zimene mwasintha mu BIOS zikhoza kumafafanizika. Komanso fumbi la m'makomboni m'miyezi ya August mpaka October limaphimba diso lowerengera chimbale. Zikatero fulashi ndiyo yodalirika, ndipo pa makina akale ilowetseni pa bowo la USB 2.0.

Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi ndipo mulembe m'kope zimene mwachita, monga timachitira pa munda wachitsanzo. Ntchitoyi imafuna magetsi okhazikika ndi mtima wodekha, choncho musaiyambe Lachisanu masana Sabata litayandikira. Zikakanikabe, bwerani ndi makinawo pamodzi ndi kope lanu ku kalasi yathu ya kasungidwe ka kaundula, tidzaonere limodzi.