Makutu akamalira chifukwa cha phokoso la ku ntchito

Anthu ambiri ogwira ntchito m'zigayo, m'mafakitale ndi m'malo ochekera matabwa amaweruka makutu akulira ngati mwalowa nyenje. Vutoli madokotala amalitcha tinnitus, ndipo kwa ena limakhazikika mpaka kuwasowetsa tulo.

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati tiubweya timene timatumiza mawu ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo tikafa sitimeranso. Ubongo ukasowa uthenga womwe unazolowera, umayamba kupanga kulira kwakekwake.

Akatswiri amati phokoso lofika madesibelo 85 lisapitirire maola 8 pa tsiku. Ngati munthu akuchita kufuula kuti mnzake amene waima pafupi amve, ndiye kuti phokosolo lafika poopsa.

Mankhwala ochiziratu vutoli palibe, koma kulichepetsa n'kotheka osasiya ntchito. Chofunika kwambiri ndi kuvala zotsekera m'makutu nthawi yonse imene makina akulira. Thonje silitchinga mokwanira. Nthawi yopuma ndi bwino kukhala kutali ndi makinawo. Usiku, wailesi yotsitsa mawu kapena fani zimaphimba kulirako. Amene makutu ayamba kugontha amathandizidwa ndi timakina tomvera.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 limalamula olemba ntchito kuteteza antchito awo, choncho kupempha zotsekera si kuderera bwana.

Kulira kukakhala khutu limodzi, kukamagunda motsatira mtima, kapena kukadza ndi chizungulire kapena kugontha kwadzidzidzi, munthu athamangire kuchipatala. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chimayeza makutu.